Mowa ukatha, ngongole imatsalira mtima

Pamsika uliwonse, kaya ndi pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kapena pa Thondwe, pamakhala bambo wina yemwe aliyense amamudziwa kuti mowa sumugwetsa.

Ndi munthu wooneka bwino, wa zaka za m'ma 40. Mwina ali ndi okala, mwina amagula mbewu, mwinanso amapha mbuzi tsiku lamsika. Amayamba kumwa Lachisanu madzulo n'kudzalekeza Lamulungu usiku, koma Lolemba m'mawa amakhala woyamba kutsegula geni. Sadzandira, satukwana, ndipo ya ndiwo amasiya pakhomo. Anzake amamutama kuti ali ndi mutu wolimba.

Ndiye pamadzafika chaka china pomwe anthu amayamba kudabwa. Bambo uja akuima kawiri pakamtunda kochokera kudepoti kukafika kunyumba kwake. Madzulo nsapato zikumuthina. Usiku sakugonanso chagada, akuchita kusanjikiza mapilo atatu kumsana chifukwa akangogona bwinobwino akubanika ngati wamira m'madzi.

Mayi akunyumba akuti ndi mphumu. Achimwene ake akuti waponda mankhwala, poti omuchitira nsanje pamsikapo ngambiri. Azakhali ake akunong'ona za tsempho, ndipo diso lawo lili pa mkazi wake.

Za mowa palibe akuzitchula. Tonse tidakula tikumva kuti mowa umapsereza chiwindi, umatha ndalama komanso umapasula mabanja. Zoti umathanso kufooketsa mtima wa munthu yemwe sadagwerepo m'ngalande chibadwire, ndi ochepa adazimva. Ambiri adamva zosemphana ndi zimenezi, zoti mowa wapang'ono ndi mankhwala a mtima.

Mjigo wosapuma

Mtima wa munthu wamkulu ndi wofanana kukula ndi chibakera chake. Ndi mnofu wokhala ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi ndipo ziwiri zam'munsi zimawapopa, china kupita kumapapo, china kupita kuthupi lonse.

Munthu akakhala phee, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pamphindi imodzi, kapena kuti pafupifupi ka 100 000 patsiku. Mphindi iliyonse umapopa malita 5 a magazi. Pofika mawa nthawi ngati ino, mtima wanu ukhala utapopa magazi odzaza madiramu oposa 30 a malita 200 aja.

Mjigo ukathyoka, amayi amalowera kudambo mpaka komiti isonkhe ya mmisiri. Mtima ulibe mwayi umenewo. Ngakhale udwale, umadwala uli pantchito.

Chinthu choledzeretsa chomwe chili mumowa asayansi amachitcha ethanol. Yemwe ali mukachasu ndi yemweyo ali m'masese, muchibuku, muvinyo ndi mumowa wam'botolo, kusiyana kwake n'kuchuluka basi. Munthu akamwa, ethanol amalowa m'magazi kudzera m'chifu ndi m'matumbo pamphindi zochepa chabe.

Ntchito yomuphwanya ndi ya chiwindi, koma chiwindicho sichifulumira. Botolo limodzi chimalimbana nalo kupitirira ola lathunthu. Ethanol wotsalayo amangozungulira m'magazi kudikira nthawi yake, ndipo pozungulirapo amadutsa mumtima kosawerengeka.

Nkhani ya vinyo wa ku France

Nanga zoti mowa wapang'ono umateteza mtima zidachokera kuti?

Sizidachokere kubawa ayi. Kwa zaka zambiri kafukufuku wa m'maiko a azungu ankaonetsa kuti anthu omwa pang'ono ankafa ndi matenda a mtima mocheperapo poyerekeza ndi omwe sankamwa n'komwe. Mu 1991 pulogalamu ya pawailesi yakanema ya ku America yotchedwa 60 Minutes idaonetsa katswiri wa ku France, Serge Renaud, akufotokoza kuti anthu akwawo amadya zamafuta zambiri koma savutika kwenikweni ndi mtima, ndipo chinsinsi chake chikhoza kukhala vinyo wofiira.

Malonda a vinyo wofiira ku America adakwera kwambiri. Uthengawo udawoloka nyanja, ndipo pofika kuno udali utavala zovala zina. Vinyo uja adasanduka mowa uliwonse, ndipo kapu imodzi ija idasanduka tebulo lodzaza mabotolo.

Komatu ngakhale nthawi imeneyo ena ankakayika. Mu 1988 Pulofesa Gerald Shaper wa ku London, yemwe adagwirapo ntchito ku Makerere m'dziko la Uganda, adafunsa funso losavuta: kodi anthu omwe akuwerengedwa kuti samwawo ndi ndani?

Iye ndi anzake adapeza kuti m'gululo mudadzaza anthu omwe adali zidakwa kale koma adasiya atayamba kudwala, komanso ena omwe dokotala adawaletsa kumwa chifukwa cha matenda. Ukaika odwala otere mbali imodzi, mbali ina n'kuikako anthu athanzi omwa pang'ono, omwawo aoneka olimba. Kuli ngati kufanizira anthu ogona m'chipatala ndi osewera bawo pansi pa mtengo, n'kunena kuti bawo imachiza.

Panalinso china. M'maiko amenewo munthu womwa kapu imodzi ya vinyo pachakudya kawirikawiri amakhala wopeza bwino, wodya zakasinthasintha komanso wokhala ndi dokotala wake. Chomuteteza mwina si vinyoyo koma thumba lake.

Kafukufuku yemwe adagwedeza chikhulupiriro chakalechi adachokera ku China ndipo adasindikizidwa mu 2019 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet. Anthu ambiri a kumeneko amabadwa ndi thupi lokana mowa: akangolawa, nkhope imafiira, mutu umawawa ndipo amachita nseru. Otere amamwa pang'ono kapena samwa konse, osati chifukwa cha matenda, chipembedzo kapena umphawi, koma chibadwa.

Akatswiriwo adatsatira anthu theka la miliyoni kwa zaka pafupifupi 10. Atafanizira anthuwo potengera chibadwa chawocho, chitetezo chija sichidaoneke pa matenda akufa ziwalo omwe ambiri timawatcha sitiroko. Chomwe chidaoneka n'chakuti mowa ukamachuluka, BP imakwera ndipo sitiroko imachuluka nawo. Kumwa mowa wofanana ndi mabotolo atatu patsiku kudakweza chiopsezo cha sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2018, magazini yomweyo idatulutsa zotsatira za anthu omwa mowa pafupifupi 600 000 a m'maiko 19. Pofuna kunena chilungamo, kafukufukuyu adapeza kuti vuto lotsekeka mitsempha ya mumtima lidali locheperako pang'ono mwa omwa mochulukirapo. Koma sitiroko, kulephera kwa mtima ndi imfa zodza kamba ka BP zidali zochuluka. Opyola magalamu 100 a ethanol pasabata, omwe ndi mabotolo 7 kapena 8, moyo wawo unkafupika.

Mu January 2022 bungwe loona za mtima padziko lonse la World Heart Federation lidanena poyera kuti palibe muyezo wa mowa womwe ndi wabwino kumtima. Chaka chotsatira bungwe la zaumoyo la WHO lidati palibe muyezo womwe munthu anganene kuti ngosaopsa kuthanzi lake.

Akatswiri ena akadakanganabe za botolo limodzi patsiku, ngati limavulaza mtima kapena ayi. Koma pa zinthu ziwiri onse amavomerezana. Wosamwa asayambe poganiza kuti akuteteza mtima, ndipo kumwa kwambiri, makamaka kokhuthula nthawi imodzi, kumauwononga.

Mamwedwe athu

Tikabwera kwathu kuno, mkangano wa botolo limodziwu ngwa anthu ochepa. Ndani pamsika panu amamwa kapu imodzi ya vinyo akudya nsima kenako n'kukagona?

Ife timamwa ndalama ikapezeka. Mwezi ukatha, fodya akagulitsidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu, soya akatuluka, paukwati, pachiliza, pa Khirisimasi. Munthu atha kukhala masabata atatu osalawa, koma tsiku lomwalo amabweza onse.

A WHO amati munthu wamwa mopyola ngati wamwa magalamu 60 a ethanol pakukhala kumodzi. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Botolo la mowa la mamililita 330, la mphamvu ya 5 peresenti, lili ndi magalamu 13. Mabotolo asanu ndiye kuti muyezo uja mwaudumpha. Paketi ya lita imodzi ya chibuku chomwe chawira bwino ikufanana ndi mabotolo awiri kapena apo.

Kabotolo kapulasitiki ka mamililita 200 kolembedwa 40 peresenti kali ndi magalamu 63. Kamodzi kokha, kolowa m'thumba la thalauza osaoneka, kakufanana ndi mabotolo asanu aja. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa waukali wotsika mtengo udangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo totere.

Kachasu ndiye alibe chikalata. Wa mayi uyu ndi wa mayi uyo amasiyana, ndipo ngakhale mumphika umodzi, woyamba kudontha, yemwe amati mutu, amaposa womalizira. Ngati ali wa 40 peresenti, botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 lodzaza kachasu likufanana ndi mabotolo 7 a mowa. Pali anthu omwe amamaliza awiri dzuwa lisadafike pamutu.

Mu 2024 dziko lidadzidzimuka pomwe mowa womwe anthu adaupatsa dzina loti Ambuye n'tengeni udapha anthu mumzinda wa Blantyre. Imfa zotere zimamveka chifukwa zimachitika nthawi imodzi, apolisi n'kuthamanga. Za mtima zimabwera imodziimodzi, patatha zaka, ndipo pamaliro amangolengeza kuti malemu adadwala nthawi yochepa.

BP siimba ng'oma

Njira yoyamba yomwe mowa umafikira mtima ndi BP. Dzina loti kuthamanga kwa magazi limasocheretsa pang'ono. Sikuti magazi amakhala pa liwiro, koma amakankha zipupa za mitsempha mwamphamvu yopyola, monga madzi a mupaipi yothiririra dimba mukaipana kumapeto. Achipatala amati BP yakwera ikamakhala pa 140/90 kapena kuposa apo poyeza maulendo angapo.

Mu 2009 unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi WHO udayeza anthu oposa 5 000 a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Munthu mmodzi mwa atatu alionse adapezeka ndi BP yokwera. Chodetsa nkhawa kwambiri chidali chakuti oposa 9 mwa 10 alionse omwe adali nayo sankadziwa.

Kafukufuku yemweyo adapeza kuti amuna 30 mwa 100 alionse ankamwa mowa, pomwe amayi adali 4 okha. BP yokwera idapezeka mwa amuna 37 ndi amayi 29 mwa 100 alionse. Apa pakuoneka kuti mowa si wokhawo wolakwa, poti amayi ambiri omwe sadziwa n'kukoma kwake komwe ali nayo. Mchere wambiri, kunenepa, shuga, msinkhu komanso kumtundu, zonsezi zimaikapo dzanja. Koma mowa ndi katundu woonjezera pamutu womwe wasenza kale, ndipo mwa zonsezi ndi womwe munthu angautule lero lomwe.

Chomwe chimapusitsa ambiri ndi ichi. Maola oyamba munthu atamwa, mitsempha imamasuka ndipo BP imatsikadi. Thupi limafunda, nkhawa zimathawa, munthu n'kumati mowa umanditsitsa BP. Koma pakatha maola 12 kapena 13 zinthu zimatembenuka, BP imakwera kuposa pomwe idali. Mtima nawo umagunda mothamanga usiku wonse m'malo mopumako munthu akagona. Matsire a m'mawa aja amabwera BP ili m'mwamba.

Zikamachitika sabata ndi sabata, BP imadzafika posabwereranso pansi. Mtima umakakamizika kupopa molimbana, mnofu wake umakhuthala n'kuuma, ndipo timitsempha ta muubongo ndi muimpso timayamba kuwonongeka. Zonsezi zikuchitika mwini wake sakumva kupweteka paliponse. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Ndipo mowa suyenda wokha. Pambali pake pamakhala kanyenya woviika mumchere ndi tsabola, mang'ina, tchipisi cha pachiwaya ndi ndudu yopemphana. Munthu yemwe amamwa mankhwala a BP nthawi zina amawadumpha dala Lachisanu ndi Loweruka, ati kuopa kusakaniza ndi mowa. Ndiye kuti masiku omwe mtima ukufuna thandizo kwambiri ndi omwe ukusiyidwa pamtetete.

Pali nkhani yolimbikitsa. Mu 2017 akatswiri adaunika pamodzi zotsatira za kafukufuku 36 ndipo adapeza kuti omwe ankamwa mabotolo 6 kapena kuposerapo patsiku, atachepetsa ndi theka, nambala yam'mwamba ya BP idatsika ndi 5.5. Zikuoneka zochepa, koma kutsika ndi 5 kumachepetsa chiopsezo cha sitiroko ndi matenda aakulu a mtima ndi gawo limodzi mwa magawo 10, popanda kugula piritsi.

Mtima wa patchuthi

Njira yachiwiri ndi ya kagundidwe. Mtima uli ndi magetsi akeake omwe amauza zipinda zinayi zija nthawi yofinya, mwadongosolo ngati anthu osinja awiri pamtondo umodzi. Mowa umasokoneza magetsi amenewa. Umakodzetsanso kwambiri, ndipo mumkodzomo mumatayika michere ya potassium ndi magnesium yomwe magetsiwo amadalira.

Mu 1978 dokotala wina wa ku New Jersey ku America, Philip Ettinger, ndi anzake adalemba za odwala 24 omwe ankafika kuchipatala mitima ikugunda mosalongosoka atamwa kwambiri. Adaona kuti ambiri ankabwera pakati pa Lamulungu ndi Lachiwiri, kapena nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Vutoli adalitcha holiday heart, kunena kuti mtima wa patchuthi. Chikhala kuti adali kuno, mwina akadati mtima wa kumathero a mwezi.

Kawirikawiri chomwe chimachitika ndi vuto lomwe madokotala amati atrial fibrillation. Zipinda zam'mwamba zimaleka kufinya bwinobwino n'kumangonjenjemera. Munthu amamva mtima ukuphiriphitha ngati nkhuku yogwidwa, kuthamanga, kudumpha, kuima pang'ono, kuthamanganso. Ena amachita chizungulire kapena befu, ena samva kanthu. Zimagwira ngakhale mnyamata yemwe sadadwalepo mtima, ndipo nthawi zambiri zimaleka zokha pakatha tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake ambiri amangoti adali matsire.

Kuopsa kwake kuli apa. Zipinda zija zikamanjenjemera, magazi sayenda bwino ndipo ena amaundana. Kachibuma ka magaziko kakachoka mumtima kamatha kukatseka mtsempha muubongo. Munthu amagwa, mbali imodzi yafa, kukamwa kwapotoka. Kumudzi timati amumenya ndi hamala, ndipo sipatenga nthawi kuti gogo wina aloze zala. Munthu yemwe ali ndi atrial fibrillation chiopsezo chake cha sitiroko chimakhala pafupifupi kasanu kuposa cha yemwe alibe.

Madokotala a ku Melbourne m'dziko la Australia adafuna kuona ngati kusiya mowa kumathandiza. Adatenga anthu 140 omwa mowa omwe adali ndi vutoli, theka adawapempha kusiya, theka adapitiriza. Zotsatira zidatuluka mu 2020. Patatha miyezi 6, vutoli lidabwerera mwa anthu 73 pa 100 alionse omwe adapitiriza kumwa, pomwe mwa osiya lidabwerera mwa 53, ndiponso mochedwerapo.

Mtima ukatanuka

Tibwerere kwa bambo wa pamsika uja, wotupa miyendo. Vuto lake ndi lachitatu, ndipo madokotala adalidziwa kalekale.

Mu 1884 dokotala wofufuza mitembo mumzinda wa Munich ku Germany, Otto Bollinger, adaona kuti amuna ambiri akumeneko, komwe mowa unkamwedwa ngati madzi, ankafa ali ndi mitima yaikulu modabwitsa. Matendawa adadziwika kuti mtima wa mowa wa ku Munich.

Chiwindi chikamaphwanya ethanol chimayamba chamusandutsa poizoni wina wotchedwa acetaldehyde. Awiriwa amapha pang'onopang'ono timinofu ta mtima, ndipo m'malo mwake mumatsala zipsera zosatha kufinya. Mtima umakula, koma si kukula kwa mphamvu. Umatanuka ngati lasitiki ya kabudula wakale.

Mtima wabwino umatulutsa magazi oposa theka la omwe ali m'chipinda chake pakugunda kulikonse. Wotanuka umatha kutulutsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Otsalawo amabwerera m'mbuyo ngati madzi a mumtsinje wotsekeka. Madzi amadzaza m'mapapo, n'chifukwa chake munthu amabanika akagona. Amadzaza m'miyendo, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Kenako amadzaza m'mimba.

Madokotala amaona matendawa kwambiri mwa omwe akhala akumwa magalamu 80 patsiku, pafupifupi mabotolo 6, kwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Amayi amawapeza ndi mowa wocheperapo komanso pazaka zochepa. Izi n'zofunika kuzidziwa amayi otcheza kachasu, omwe ambiri mwa iwo akuphunzitsa ana ndi geni imeneyi, koma ntchito yawo imawalawitsa tsiku ndi tsiku.

Sikuti aliyense womwa chonchi amadwala. Apa mpomwe wina amanena za agogo ake omwe adamwa masese mpaka zaka 90. N'zoona, alipo otero, poti matupi amasiyana chibadwa. Kungoti palibe amawerenga anzawo a agogowo omwe adatsogola ali ndi zaka 50, ndipo palibe muyezo womwe ungakuuzeni lero kuti inu muli gulu liti. Mutu wolimba si umboni wa mtima wolimba. Munthu wosagwa ndi mowa ndiye amamwa wambiri, ndipo mtima wake ndi womwe umalandira wochuluka.

Pali chinanso chomwe chimatikhudza ife odya nsima. Mtima umafuna vitamini B1 kuti upeze mphamvu. Mowa umatchinga vitaminiyu kulowa m'thupi, ndipo womwa kwambiri nthawi zambiri sadya mokwanira. Akasowa, mtima umafooka ndipo miyendo imatupa, matenda otchedwa beriberi. Vitaminiyu amapezeka mu nyemba, mtedza, nyama ya nkhumba ndi mgaiwa. M'chimanga amakhala kwambiri m'madeya ndi m'mitima yake, zomwe timachotsa pokonola kuti tidye ufa woyera. Madeya omwewo ndiwo amapita kukatchezera kachasu, koma vitamini uja satuluka nawo mumpopi.

Tisaiwale kuti kutupa miyendo ndi befu zili ndi zoyambitsa zambiri. BP yosasamalidwa, matenda a impso, kuchepa kwa magazi, HIV, komanso kuwonongeka kwa zitseko za mumtima kotsatira zilonda zapakhosi zomwe sizidachizidwe paubwana, zonsezi zimatupitsa ngakhale munthu wosamwa. Wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala, ndipo nayenso amadalira zomwe mwamuuza. Yankho loti ndimamwa pang'ono silimuthandiza. Muuzeni mtundu wa mowa, mabotolo angati, masiku angati pasabata, kwa zaka zingati.

Kusiya kuli ndi njira yake

Chosiyanitsa mtima wotanuka ndi mowa ndi mitima ina yodwala n'chakuti umatha kubwereramo. Munthu akasiyiratu kumwa n'kumatsata mankhwala omwe wapatsidwa, ambiri mphamvu ya mtima imakwera pakatha miyezi ingapo, kutupa kumaphwa ndipo ena amabwerera kugeni. Wopitiriza kumwa, ngakhale alandire mapiritsi okodzetsa aja mwezi ndi mwezi, amangolowalowa m'chipatala.

Komabe pali chenjezo lomwe mabanja ayenera kulimvetsa. Munthu yemwe wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka yemwe amanjenjemera m'mawa mpaka atalawako, asasiye mwadzidzidzi ali yekha. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa nthawi imodzi limatha kugalukira. Munthu amatuluka thukuta, mtima umathamanga, BP imakwera, ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu ena amabalalika mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Izi zimatha kupha.

Choncho kumutsekera m'nyumba bambo wotere kapena kumumanga kuti mowa umuchoke si chikondi chothandiza. Apite kuchipatala komwe amapereka mankhwala oziziritsa thupi ndi vitamini B1 pamasiku oyambawo. Zipatala za m'maboma zili ndi masiku oonera odwala BP, shuga ndi mtima, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kuleka mowa.

Kwa yemwe sadafike pamenepo, poyambira n'kuyezetsa BP. Sizitenga mphindi zisanu ndipo kuchipatala cha boma n'kwaulere. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a mtima, musawadumphe chifukwa cha phwando. Funsani yemwe adakulemberani, makamaka ngati muli pa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, omwe mowa umawasokoneza mpaka munthu kumataya magazi.

Musangoti waledzera

Ngozi ina imachitikira pakhonde penipeni. Bambo afika madzulo akununkha mowa, akudzandira, mawu sakumveka. A pabanja awagoneka pamphasa, ati mowa ukatha adzuka okha. M'mawa apeza mbali imodzi siikugwira ntchito, ndipo maola omwe achipatala akadachitapo kanthu adutsa.

Kuledzera ndi sitiroko zimafanana, koma pali posiyanitsira. Mowa umafooketsa thupi lonse mofanana, pomwe sitiroko kawirikawiri imasankha mbali.

Auzeni amwetulire kapena aonetse mano, muone ngati mbali imodzi ya kukamwa yagwa. Auzeni akweze manja onse awiri, muone ngati lina likutsika lokha. Afunseni dzina la mwana wawo woyamba, mumve ngati mawu akutuluka ndiponso ngati akumva zomwe mukunena.

Chimodzimodzi munthu akamadandaula kuti pachifuwa pakulemera ngati pakhala mwala, ululu ukufalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, thukuta lozizira likutuluka, kapena wakomoka mtima ukugunda mosalongosoka. Zikatero musamumwetse madzi, mkaka kapena phala, chifukwa atha kutsamwa. Ngati sakudziwa kanthu, mugonekeni chammbali kuti akasanza asabanike.

Kenako yang'anani nthawi yomwe zayambira kuti mukawauze achipatala, tumani mwana akadzutse wa galimoto kapena wa njinga yamoto, ndipo nyamukani usiku womwewo osadikira kuti kuche.